Mtovu wa a Sipanala

A Sipanala atapuma ntchito, anthu ankaganiza kuti azikhala pakhonde n'kumawerenga nyuzipepala ngati anzawo. Amene ankaganiza choncho sankawadziwa. Munthu amene watha moyo wake wonse atagwada pansi pa masinki a eni ake, akulimbana ndi mapaipi odontha, sangakhale manja ali lende. Dzina la Sipanala analitengera kuntchito komweko, chifukwa sipanala sinkachoka m'thumba lawo lakumbuyo ngakhale atavala suti. Ndiye atapuma anasesa kashedi kakuseri kwa nyumba, anaikamo tebulo ndi mpando, n'kuyamba kutolera mawailesi akufa, matochi osayaka ndi timawotchi timene tinaima kalekale. Iwo ankati akuphunzira zamagetsi. Akazi awo ankati atsegula manda a mawailesi.

Kenako mayi aja anadwala sitiroko. Dzanja lamanzere ndi mwendo wamanzere zinafa. Mawu awo, amene kale ankamveka mpaka kumsewu akamaitana ana, anatsala apansipansi, osafika n'komwe pakhomo pa chipinda. Zimene matendawo sanakhudze ndi nzeru, maso ndi lilime lakuthwa lija.

Mwana wawo woyamba, amene ndi namwino, anabwera kudzaona mmene zinthu zinalili. Bambo ake ankamutcha Bwana, koma pokhapokha iye palibe. Anayendera nyumba yonse ndi maso akuchipatala, anasuzumira m'kashedi muja, n'kubwerera pabalaza nkhope itasintha.

"Ababa, amayi ndiwatenga azikakhala kwathu," anatero. "Inu mumaswera kuseri uko. Atati agwe, mungamve?"

"Akazi anga sachoka m'nyumba muno," anayankha a Sipanala. "Nyumba ino tinamanga awiri. Ine ndinkayala mapaipi, iwo akundiuza pomwe ndalakwitsa."

"Nanga akafuna madzi azikuitanani bwanji? Mawu alibe."

A Sipanala anakanda pamutu, ndipo nzeru inawafikira pomwepo, yotentha ngati yochokera pamoto.

"Ndiwapangira belu. Akangodina batani pabedi pomwepo, kushedi lizilira. Ine n'kuthamanga."

Bwana anawayang'ana nthawi yaitali, monga amayang'anira wodwala amene akulumbira kuti mankhwala onse anamwa.

"Chabwino," anatero. "Koma tsiku limene ndidzapeze amayi akusowa thandizo inu muli ndi mawailesi anuwo, sitidzakambirananso. Ndidzangobwera ndi galimoto."

Galimoto imeneyo a Sipanala ankaiopa kuposa imfa. Anali atagona chipinda chimodzi ndi mayi amenewa kuyambira tsitsi lili lakuda bii, ndipo nyumba yopanda wowadzudzula sankaiona ngati nyumba. Koma panalinso china chimene sankafuna kuchiyang'ana kumaso. Kukhala pambali pa bedi tsiku lonse, manja alibe chogwira, akuona mkazi amene kale ankanyamula ndowa ziwiri akulephera kukweza supuni, kunkawalemera kwambiri. Belu linali njira yoti azikhala ndi akazi awo popanda kukhala nawo.

M'mawa mwake anapita kusitolo ya zamagetsi, kasitolo kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa matayala. Mayi wa m'sitolomo, wamagalasi olendewera pachingwe, anamvetsera zimene ankafuna n'kuyamba kuwasonkhanitsira: batani, waya wautali, kabelu, batire, kabolodi kokhala ndi timizere ta kopa, ndi tizipangizo tina ting'onoting'ono toti munthu atayetsemula sangatipezenso.

"Nanga mtovu wowotcherera muli nawo?" anafunsa mayiyo.

Asanayankhe n'komwe, mayiyo anaika timipukutu titatu pakauntala n'kuyamba kuloza kamodzikamodzi.

"Uwu wowondawu uli ndi utomoni m'kati mwake. Ukamasungunuka, utomoniwo umatsuka pamalopo, mtovu n'kugwira bwino, ndipo zotsalira zake sizidya kanthu. Suchedwa kusungunuka, ndiye kwa oyamba kumene ndi umenewu. Uwu ndi wonenepako, wa mawaya akuluakulu. Uwu ndi wamakono, mulibe mtovu weniweni. Kuthanzi ndi wabwinoko, koma umafuna moto wambiri, ndipo manja osazolowera umawavuta."

"Mtovu wopanda mtovu?" anatero a Sipanala. "Mawa mudzatigulitsa tiyi wopanda masamba."

Mayiyo anaseka, koma a Sipanala sankaseka. Mawu akuti oyamba kumene anali atawabaya pamtima. Anatola kampukutu kowonda kaja, anakokako pang'ono, n'kukayang'ana ngati kanthu kamene apeza m'chakudya.

"Mayi, uwu ndi ulusi. Ndisokere malaya? Ine ndinayamba kusungunula mtovu inu musanamere mano. Kunyumba ndili ndi wanga, wonenepa ngati chala, ndi chitini cha phala lake. Pali nyumba zimene eni ake anamwalira, ana awo anagulitsa, koma mapaipi amene ndinalumikiza ine sanagwetsepo ngakhale kadontho."

"Wa mapaipi?" Mayiyo anavala magalasi aja kuti awaone bwino. "Ayi bambo, umenewo musayerekeze. Phala lakelo ndi asidi. Paipi ndi yokhuthala, komanso mukatha mumaitsuka. Timizere tapakabolodi apa n'topyapyala ngati khungu la anyezi. Asidiyo azitidya pang'onopang'ono inu osadziwa."

"Chitsulo n'chitsulo, mayi."

Ananyamula katundu wawo n'kutuluka, mawu a mayiyo atalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Sikuti anali munthu wopusa, ayi. Munthu wopusa akanafunsa. Iwo vuto lawo linali lakuti mtovu ankaudziwadi, ndipo palibe chotseka makutu ngati chinthu chimene munthu amachidziwa.

Ntchito anaigwira mwaulemu wake. Anapala paliponse polumikiza mpaka kung'anima, anapaka phala lija mosaumira, n'kugunditsa chowotcherera. Utsi woswa mphuno unakwera, fungo la ntchito yawo yakale, ndipo mtima wawo unakhala m'malo. Mtovu unagwira nthawi yomweyo, madontho onenepa ngati nyemba. Paliponse akatha ankakoka ndi pulayazi kuti aone ngati pangasunthe, ndipo panalibe pomwe panasuntha. Akanakhala mapaipi, apa akanatenga kansanza konyowa n'kutsuka phala lotsalira, monga ankachitira zaka zonsezo. Koma chinthu chimodzi chimene anaphunzira bwino pa zamagetsi n'chakuti madzi ndi magetsi ndi adani. Ndiye sanatsuke. Anaika kabolodi m'kabokosi, anamanga zomangira zake zolimba kuti fumbi lisalowe, n'kukakhoma pakhoma la shedi. Waya anauyendetsa m'mbali mwa khoma, mowongoka ngati paipi, mpaka pabedi.

"Tadinani, amake mwana," anatero.

Akazi awo anadina ndi chala chachikulu cha dzanja lamoyo lija. Kuseri kwa nyumba kunamveka kulira kwakuthwa, mpaka galu wa oyandikana nawo anayankha.

"Ndiye ndikadina muzibwera?" anafunsa mayiwo pang'onopang'ono.

"Musanachotse n'komwe chala."

"Tiona," anatero.

Belu linagwira ntchito, ndipo linaigwiradi. Linkalira chifukwa cha madzi. Linkalira chifukwa pilo watsetsereka. Windo litsegulidwe, windo litsekedwe, ntchentche yalowa, nthawi ili bwanji. Tsiku lina a Sipanala anafika wefuwefu, magalasi ali pamphuno, n'kupeza akazi awo ali phee, akuyang'ana kudenga.

"Mukufuna chiyani, amake mwana?"

"Ndimangoyesa ngati likugwirabe."

Poyamba a Sipanala ankaseka. Ankauza aliyense wodutsa kuti wailesi angalephere kuidzutsa, koma belu apanga ndi manja awo. Koma mtovu sudikira munthu, ukangosungunuka umafuna dzanja lokhazikika, ndipo belu linkadziwa kusankha nthawi. Masana ena linalira chowotcherera chili m'manja, anadzidzimuka, n'kugwira kotentha. Analowa m'chipinda akuyamwa chala.

"Belu limeneli likulira ngati la kusukulu," anang'ung'udza. "Tsiku lina ndidzalidula waya, ndipumeko."

Anazinena theka mocheza, ndipo pofika pakhomo anali ataziiwala. Akazi awo anamwa madzi awo n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Mvula inayamba. M'kashedi munalowa chinyezi, zitsulo zikuchita thukuta, mapepala akufewa okha. Belu linayamba kulira mosasa mawu ngati munthu wa chimfine, ndipo a Sipanala anati ndi nyengo. Kenako tsiku lina silinalire. M'mawa mwake silinalirenso.

Anakumbuka mawu aja, n'kuganiza kuti akazi awo anyanyala. Ankawadziwa kuti si munthu wopempha kawiri. Anati aziona, mkwiyo wa m'banja sugonera masiku ambiri. Nthawi ya mankhwala ndi ya chakudya ankalowabe monga mwa masiku onse, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwakonzera pilo.

"Masiku ano simukundiitana, amake mwana," anatero tsiku lina akupukuta kapu.

Mayiwo anawayang'ana kanthawi.

"Mumatanganidwa," anayankha.

"Eya, ntchito yachulukadi."

Batani linali pomwepo pabulangeti, pafupi ndi dzanja lawo. Akanangoligunda ndi chala, nkhani yonse ikanathera pomwepo. Koma munthu amene ntchito yake sidontha sabwerera kukaiyesa. Ndipo popeza mtima umakonda nkhani yokoma, posakhalitsa anasiya zoti akazi awo anyanyala n'kuyamba kukhulupirira kuti akupeza bwino. Bwana ataimba foni, a Sipanala anadziguguda pachifuwa.

"Amayi ako akuchira, mwanawe. Kale belu linkalira tsiku lonse. Pano ziii. Safunanso kanthu."

"Safuna kanthu? Amayi anga omwewa?"

"Ndikukuuza ine. Chisamaliro chabwino."

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Masana ena wailesi ina imene inawavutitsa kwa nthawi yaitali inatsokomola, inalira ngati mafuta pamoto, kenako n'kuyamba kuimba. Inali yoyamba kudzuka m'manda aja. A Sipanala anaikweza mpaka malata kunjenjemera, akugwedeza mutu, akuimbira limodzi nyimbo imene sankaidziwa. Chitseko cha shedi chinatseguka. Anali Bwana, amene mawu aja a pafoni sanamukhalitse pansi, ndipo anabwera osanena.

"Ababa, tabwerani mudzaone chisamaliro chanu."

Akazi awo anali pansi, pakati pa bedi ndi katebulo, mwendo wakufa uja utapindikira kumbuyo. Kapu inali itasweka, madzi atanyowetsa chovala chawo mpaka kumsana, ndipo thupi linali litazizira ndi simenti. Anali atagona pamenepo nthawi yaitali. Bambo ndi mwana anawanyamula n'kuwabwezera pabedi, ndipo a Sipanala anadabwa kupepuka kwawo. Bwana anawapima paliponse n'kupeza kuti fupa silinathyoke.

"Koma amake mwana," anatero a Sipanala, "bwanji osadina belu?"

Mayiwo anatulutsa dzanja lamoyo lija n'kuwaonetsa chala chachikulu. Chinali chofiira, chotupa kunsonga, chikhadabo chitang'ambika.

"Ndakhala ndikudina," anatero. "Tsiku lililonse."

"Nanga osandiuza?"

"Ndimayesa munadula waya. Si munanena nokha?"

A Sipanala anatola batani n'kudina. Ziii. Anadinanso mwamphamvu, ngati vuto ndi mphamvu. Kuseri kunkangomveka wailesi ija ikuimba mosangalala. Anathamangira kushedi, anazimitsa wailesi, anasintha batire, koma belu linakana. Ndiye anamasula kabokosi kaja n'kupita nako pawindo.

M'kati monse munali dzimbiri lobiriwira, lofutukuka ngati nkhungu pabuledi woiwalika. Timizere ta kopa tija tinali titadyeka, pena kutsala mthunzi wake wokha. Miyendo ya tizipangizo inkathothoka akangoigunda ndi chikhadabo. Koma madontho awo a mtovu anali pomwepo onse, onenepa, olimba, lililonse litagwira zolimba kachidutswa ka waya kosalumikizana ndi kanthu. Ntchito ya a Sipanala sinadonthe ngakhale pamodzi.

Anaimirira pawindopo manyazi akuwawotcha nkhope. Chimene chinkawapweteka si belu. Ankaona chala chija chikudina m'chipinda mopanda munthu, tsiku ndi tsiku, mwini wake akumvetsera mapazi osabwera, kenako iwo n'kulowa ndi kapu ya tiyi akuimba mluzu.

Bwana sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Ndikukakonza chipinda," anatero akunyamula chikwama. "Loweruka ndikubwera ndi galimoto. Muwalongedzere zovala."

M'mawa mwake a Sipanala anapempha mayi woyandikana nawo kuti akhale kaye ndi wodwala, n'kupita kusitolo kuja. Anaika kabokosi kotsegula pakauntala. Mayi wa m'sitolo anavala magalasi, anasuzumiramo, n'kuwavulanso. Sanawakumbutse za chenjezo lija, ndipo a Sipanala anamuthokoza mumtima.

"Kabolodi kena," anatero, maso ali kumatayala a panja. "Ndi tonse tija. Komanso ulusi uja. Mundipatse ulusi uja."

Mayiyo anakulunga zonse papepala.

"Muzitsegula windo mukamawotcherera," anatero. "Ndipo mukatha muzisamba m'manja musanagwire chakudya."

Maganizo awo anali amodzi basi: Loweruka Bwana adzapeze belu latsopano likulira, mwina mtima wake n'kufewa. Koma kubwerera kushedi n'kusiya akazi awo okha, popanda ngakhale belu lakufalo, sakanatha. Ndiye anasenza tebulo lija, analowa nalo chammbali pakhomo, n'kuliika pafupi ndi bedi, pansi pa windo. Anabweretsa mpando, nyale ndi chowotcherera.

"Manda mwawasamutsira muno?" anafunsa akazi awo.

"Kwa masiku ochepa chabe, amake mwana. Likangotha belu ndibweza zonse."

Ulusi uja unawachititsa manyazi. Anangougunditsa pang'ono, unasungunuka n'kuyenderera wokha kuzungulira mwendo wa kachipangizo, kadontho kakang'ono kong'anima, kautsi kake konunkhira ngati thabwa la paini. Panalibe chopala, panalibe chopaka. Kwa a Sipanala zinaoneka zochepa kwambiri, ndipo dzanja linkafuna kuwonjezera.

"Basi, pakwana," anatero akazi awo ali pabedi. "Mukufuna kuthira ngati shuga?"

"Pagwira pamenepa?"

"Pagwira. Ndikuona ndili pano."

Zinapezeka kuti ntchitoyi imafuna manja atatu, lina la chowotcherera, lina la mtovu, lina logwira waya kuti asasunthe. Kushedi ankapanikiza waya ndi sipanala. Muno munali dzanja limodzi lamoyo lopanda chochita. Anasendeza tebulo mpaka kugunda bedi, mayiwo n'kumagwira waya ndi pulayazi. Maso awo analinso akuthwa kuposa a amuna awo, moti timizere tamitundumitundu tapazipangizo ankatiwerenga ndi iwo.

"Kofiira, kofiira, kabulauni. Osati ako, abambo, ako n'kachikasu. Kodi mapaipi aja munkawaona bwanji?"

"Paipi sibisala."

Ntchito imene kushedi inatha tsiku limodzi, muno inatenga masiku. Pakati pake pankalowa tiyi, mankhwala, tulo tamasana, ndi nkhani. Anakumbutsana za nyumba yoyamba imene ankakhala, imene denga lake linkadontha pabedi penipeni, mwamuna wa m'nyumbamo ali katswiri wa zodontha. Anakangana za chaka chimene anagula bedi lomweli. Mayiwo ankayankhula pang'onopang'ono, mawu ena akukana kutuluka, ndipo a Sipanala anazindikira kuti akadikira osawamalizira, mawuwo amabwera. Madzi ankawapatsa asanapemphe, chifukwa ankaona okha milomo ikauma. Tsiku lina, maso ali pakabolodi, anayankhula chimene chinkawalemera.

"Waya uja sindinadule, amake mwana. Sindikanadula."

"Ndaona," anatero mayiwo. "Munangolipanga mwaukatswiri."

Anaseka onse awiri, mayiwo ndi theka la pakamwa, mpaka a Sipanala anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

Loweruka m'mawa panatsala waya mmodzi yekha, wochokera kubatani. Chikwama cha zovala chinali pakona, cholongedzedwa monga Bwana analamulira. A Sipanala anayatsa chowotcherera, anapita kukhitchini kukatenga madzi a mankhwala, n'kubwerera. Kampukutu ka mtovu panalibe.

Anasuntha zonse patebulo. Anapisa m'matumba, anatulutsa sipanala, anaibwezera. Anakutumula nsalu, anayang'ana m'nsapato, anabwerera kukhitchini kukasuzumira ngakhale mumphika. Thukuta linayamba kutsika.

"Amake mwana, simunaone ulusi uja? Unali pompano."

"Ine ndimayenda?" anatero mayiwo.

M'kashedi munali mtovu wa mapaipi wokwanira kulumikiza tauni yonse, ndipo kunena zoona maganizo amenewo anawadutsira. Anawakana okha. Kusitolo kunali kutali, ndipo kumsewu kunamveka hutala ya galimoto imene ankaidziwa. Anagwada pansi, mawondo akulira, n'kulowetsa mutu kunsi kwa bedi. Kunali fumbi ndi silipasi imodzi. Podzutsa mutu, maso awo anafika pamphepete pa bulangeti, ndipo pamenepo, pakati pa zala za dzanja lamoyo lija, panatuluka kamchira kowonda kong'anima.

Anakweza maso. Akazi awo ankayang'ana kudenga ndi nkhope ya munthu amene chibadwire sanaonepo mtovu.

A Sipanala anatsegula pakamwa kuti akalipe, chifukwa galimoto inali itaima kale pabwalo ndipo kadontho kamodzi kokha kakanawapulumutsa. Koma mawu awo omwe anawabwerera m'khutu: likangotha belu ndibweza zonse. Anayang'ana tebulo, mpando, malo opapatiza pakati pa tebulo ndi bedi pomwe anakhala sabata yonse. Anakumbukira ntchentche ija, windo lija, nthawi ili bwanji. Mayi amenewa sanakhalepo ndi ludzu lotero moyo wawo wonse. Chimene ankaitana sichinali madzi, koma amuna awo. Anatseka pakamwa.

Bwana analowa makiyi ali m'manja. Anaima pakhomo n'kuona tebulo, nyale, chowotcherera chikufuka, bambo ake atagwada pansi.

"Ababa, mukupemphera?"

"Ndikufuna mtovu."

"Ndiye belu latsopano mumanena pafoni lija lili kuti?"

A Sipanala anadzuka pang'onopang'ono, atagwira m'mphepete mwa bedi, ndipo podzukapo anakokera bulangeti pang'ono kuti lifunde dzanja lija.

"Silinathe," anatero. "Mtovu wasowa."

"Basi, nkhani yatha. Ndinanena ine. Popanda belu amayi azikuitanani ndi chiyani?"

Kenako pabedi panachokera mawu aja apansipansi, osafika n'komwe pakhomo.

"Abambo."

"Ee, amake mwana," anayankha a Sipanala, ali pomwepo.

Mayiwo anatembenuzira maso kwa mwana wawo.

"Wamva? Likugwira."

Bwana anayang'ana amayi ake, amene nkhope yawo inali itadzadzako ndiponso tsitsi litapesedwa mokhota ndi dzanja losazolowera. Anayang'ana bambo ake. Kenako anayandikira kuti akonze bulangeti monga anamwino amachitira, ndipo maso a namwino sabisidwa kanthu. Dzanja lake linaima pang'ono pamwamba pa dzanja lofumbata la amayi ake lija, n'kupitirira. Anakhala pampando wa bambo ake, anaika makiyi patebulo, n'kuvula nsapato.

"M'nyumba muno mlendo sapatsidwa tiyi?" anafunsa.

Madzulo Bwana anapita yekha. Chikwama cha zovala chija anachimasula ndi manja ake n'kubwezera zonse m'kabati. Ali pakhomo anatembenuka n'kuloza bambo ake ndi kiyi wa galimoto.

"Mtovu wanuwo ukadzapezeka mudzandiimbire," anatero. "Ndidzabwera ndi galimoto tsiku lomwelo."

Tebulo likadali m'chipindamo. Mawailesi amabwera imodziimodzi kuchokera kushedi, ena amadzuka, ambiri ayi, ndipo wogwira waya ndi wowerenga mitundu ndi yemwe uja. Kampukutu kena anakagula, kowonda, kautomoni, koma amati kameneko n'ka mawailesi, belu lili ndi kake kamene kanasowa. Kabokosi kali pashelefu, waya wake mmodzi ali lende. Mlendo akafunsa, a Sipanala amapukusa mutu n'kudandaula kuti zinthu m'nyumba muno zimamera miyendo. Ndipo m'mawa uliwonse akamasintha nsalu zapabedi, pofika potukula pilo wa akazi awo amayang'ana kudenga.